Batani Limene Ankazimitsa

Ku Alaska kuli midzi imene munthu sungafikeko pa basi, pa lole kapena pa kabaza, chifukwa msewu kulibe. Sindikunena za msewu wa maenje umene timadandaula nawo dzinja lililonse ayi. Kulibiretu. Dera limeneli ndi la dziko la America, ndipo kukula kwake kumaposa Malawi ka 14, koma anthu ake onse safika ngakhale pa chiwerengero cha anthu a mumzinda wa Lilongwe. Midzi yoposa 80 pa 100 iliyonse siyolumikizidwa ku misewu ikuluikulu. Kumadzulo kwake, kumene mitsinje ya Yukon ndi Kuskokwim imathira m'nyanja, kuli chidambo chachikulu cha matope ndi timayiwe tosawerengeka, kwawo kwa anthu a mtundu wa Yup'ik. Tauni yawo yaikulu ndi Bethel, ya anthu pafupifupi 6,000, ndipo midzi yoposa 50 imadalira tauni imeneyi pa chipatala, masitolo ndi maofesi a boma. Nthawi yotentha amayenda pa boti. Mitsinje ikauma ndi ayezi amayenda pamwamba pake. Koma pa masabata amene ayezi akuyamba kugwira kapena akusungunuka, boti siliyenda, mtsinje suwolokeka, ndiye kumatsala ndege basi.

Ndege zake musaganize zija za pa Chileka kapena pa Kamuzu, za atsikana ogawa tiyi. Ndi tindege ta injini imodzi, ta anthu 6 kapena 9, timene timagwira ntchito ya minibasi, ambulansi ndi lole ya golosale nthawi imodzi. Mayi wopita kukadikirira kuchipatala, timu ya sukulu ya basketball, bokosi la maliro, makatoni a zakumwa ndi matewera a ana, zonse zimakwera momwemo. Kuyambira mu 1972 positi ofesi ya ku America ili ndi dongosolo lotchedwa bypass mail, loti eni masitolo azitumiza katundu wambiri ku midzi imeneyi pa mtengo wa positi, boma n'kumalipira makampani a ndege. Ndalama imeneyi ndi imene yakhala ikusunga makampani ang'onoang'ono ambiri kuti asagwe.

Imodzi mwa makampaniwo inali Hageland Aviation. Mike Hageland anaiyambitsa mu 1981 m'mudzi wa Mountain Village, m'mbali mwa Yukon, ali ndi kandege kamodzi ka Cessna 180. Pambuyo pake analowana ndi Jim Tweto, ndipo kampani inakula mpaka kukhala imodzi mwa zazikulu pa ntchito yoyendera midzi. Mu 2008 inaphatikizana ndi Frontier Flying Service, mu 2009 gululo linagula Era Aviation, onse n'kumadziwika ndi dzina loti Era Alaska. Amene munkaonera Discovery mwina mukukumbukira pulogalamu ya Flying Wild Alaska ya mu 2011 ndi 2012, ya Jim Tweto ndi banja lake ku Unalakleet. Inali pulogalamu yokoma ndithu: bambo wofatsa, ana ake aakazi a nthabwala, ndege ikutera pa kamsewu ka miyala mphepo ikuikankha cham'mbali. Makamera atachoka, m'pamene zaka zowawa kwambiri za kampaniyi zinayamba.

Kuti ngozi zake zimveke, pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa kaye. Ndege imauluka mwa njira ziwiri. Yoyamba, imene amaitchula kuti VFR, ndi youluka ndi maso: woyendetsa amaona pansi, amaona phiri, amalilambalala, ndipo lamulo limamuletsa kulowa mumtambo. Yachiwiri, IFR, ndi youluka ndi zipangizo: amakwera pamwamba kupitirira mapiri onse, amalowa mumtambo mosaopa, n'kutsika potsata njira yoyezedwa kale. Njira yachiwiriyi ndiyo yotetezeka kukakhala chifunga. Vuto lake linali lakuti pa nthawiyo kampani yonyamula anthu sinkaloledwa kutsikira pabwalo mwa njira imeneyi ngati pabwalopo palibe lipoti lovomerezeka la zanyengo, ndipo midzi yambiri ya ku Alaska inalibe makina opereka lipoti lotere. Ndiye taonani mmene zinthu zinakhalira: malo amene nyengo yake ndi yoipa kwambiri ndi amenenso oyendetsa ndege amakakamizika kuulukako ndi maso, chapansipansi, kunsi kwa mitambo. Mtambo ukatsika, nawonso amatsika. Phiri lokha ndi limene silisuntha.

Pa 29 November 2013, ndege ya Hageland ya mtundu wa Cessna 208B Caravan, ulendo nambala 1453, inanyamuka ku Bethel madzulo kulowera ku Mountain Village, kenako St. Mary's. Miyezi imeneyo ku Alaska kumada msanga, ndiye pofika cha m'ma 6 koloko unali usiku weniweni. Nyengo itaipa, woyendetsa anaganiza zoyamba kutera ku St. Mary's. Anthu amene anali pabwalo anaiona ikudutsa chapansi m'chifunga, n'kupitirira. Patangopita kanthawi inamenya chitunda, mtunda wa makilomita osakwana 2 kuchoka pabwalopo. Woyendetsa ndi apaulendo atatu anafera pomwepo, mmodzi mwa iwo khanda la miyezi 5. Mayi wa khandalo, ali wovulala, anayenda mumdima ndi m'chisanu kulondola kuwala kwa magetsi mpaka anakumana ndi anthu a m'mudzi amene ankafunafuna ndegeyo osaiona chifukwa cha chifunga. Ndi iye amene anawatsogolera kumene kunali ovulala anzake.

Pali kanthu kena kakang'ono m'lipoti la ngoziyi kamene kamandivuta kukaiwala. Mabwalo a m'midzi alibe munthu woyatsa magetsi usiku. Woyendetsa ndege amawayatsa yekha ali m'mwamba, podina batani la wailesi kangapo motsatizana. Ofufuza anapeza kuti wailesi ya ndegeyi inali idakali pa tchanelo cha oyang'anira ndege a ku Anchorage, sinasinthidwe kupita pa tchanelo cha bwalo la St. Mary's, ndipo pa tepi ya ku Anchorage pankamveka kudina kuja. Munthuyo ankayatsa magetsi amene sakanayaka. Ankafunafuna bwalo la mdima, usiku, m'chifunga.

Apa n'zosavuta kunena kuti basi, woyendetsa analakwitsa, nkhani yatha. Bungwe lofufuza ngozi ku America, NTSB, silinaimire pamenepo. Linati inde, woyendetsa anasankha kutsika ndi maso pamalo posaoneka kanthu, koma linaikanso mlandu pa anthu a mu ofesi amene analola ndegeyo kunyamuka osakambirana naye za kuopsa kwa ulendowo. Kampani inali ndi fomu yoyezera kuopsa kwa ulendo uliwonse. Fomuyo inalipo, koma kukambirana kumene inkafuna sikunachitike, ndipo anthu amene anapatsidwa ntchito yololeza maulendo sanaphunzitsidwe mokwanira. Kenako NTSB inaloza chala FAA, nthambi ya boma yoyang'anira za ndege, ponena kuti inkadziwa zofooka za kampaniyi koma sinaikakamize kuzikonza. Kunena mwachidule, mphamvu yonena kuti lero sitipita inali itatsalira munthu mmodzi, yemwe ali pa chiwongolero, apaulendo atakhala kale m'mipando akumuyang'ana kumsana.

Ndipo tiyeni tinene zoona, mawu akuti sitipita ndi ovuta kuwatulutsa pamalo ngati amenewa. Apaulendowo si alendo. Ndi anthu amene woyendetsa amawanyamula sabata ndi sabata, amadziwa amene ali ndi tsiku la kuchipatala, amene wakhala masiku atatu ku Bethel akugona pa benchi kudikira kuti kuyere, amene akuthamangira maliro. Makalata ndi katundu zaunjikana. Kampani ina yapikisano yanyamuka kale. Palibe bwana amene amafunika kukalipa kuti munthu anyamuke, zinthu zimamukankha zokha.

Miyezi inayi ndi theka isanathe, pa 8 April 2014, Caravan ina ya Hageland inagwa pafupi ndi Kwethluk pa ulendo wophunzitsana, oyendetsa awiri n'kufa. Mwezi wotsatira NTSB inachita chinthu chimene sichichitika kawirikawiri: inalembera FAA kalata ya changu yopempha kuti makampani onse a gululi afufuzidwe bwinobwino, itawerenga ngozi 6 kuyambira mu 2012. Chaka chomwecho dzina linasintha, Era Alaska inakhala Ravn Alaska, ndipo ndege za Hageland zinayamba kuuluka ndi dzina la Ravn Connect.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo. Sanangosintha penti. Anatsegula ofesi yapadera ku Palmer, kutali ndi mabwalo a m'midzi, yoti ulendo uliwonse uzilolezedwa kumeneko ndi munthu amene sakuona nkhope za apaulendo ndiponso alibe nawo gawo pa katundu wounjikana. Ulendo uliwonse unkapatsidwa mlingo wa kuopsa kuyambira 1 mpaka 4, ndipo 4 ankatanthauza kuti ndege isanyamuke. Ili linali yankho lolunjika pa zimene zinachitika ku St. Mary's, ndipo kwa zaka ziwiri zinkaoneka kuti zathandiza.

Kenako kunabwera 2016. Pa 31 August, Caravan ya Hageland inawombana m'mwamba ndi kandege ka Piper Super Cub ka kampani ina pafupi ndi Russian Mission, kunja kukuoneka bwinobwino. Anthu onse 5 a m'ndege ziwirizo anafa. Patangotha mwezi, pa 2 October, ulendo nambala 3153 unanyamuka ku Quinhagak kupita ku Togiak, midzi iwiri ya m'mbali mwa nyanja imene pakati pake pali mapiri a Ahklun. M'ndegemo munali oyendetsa awiri ndi wapaulendo mmodzi. Cha m'ma 12 koloko masana inamenya phiri, makilomita pafupifupi 20 kuti ifike ku Togiak, ndipo palibe anapulumuka. Ndege ina ya kampani yomweyo, imene inanyamuka ku Quinhagak mphindi zochepa pambuyo pawo, itaona mitambo pamapiri inakhota n'kulambalala, ndipo inakatera ku Togiak bwinobwino.

Ngozi ya ku Togiak ndi imene inandichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa ndegeyo inali ndi chilichonse chimene munthu angapemphe. Oyendetsa awiri m'malo mwa mmodzi. Masana. Chilolezo cha ku Palmer. Injini yabwinobwino. Komanso inali ndi chipangizo chotchedwa TAWS, chimene ntchito yake ndi imodzi yokha: chimayerekeza pamene ndege ili ndi mapu a mapiri amene ali m'kompyuta yake, ndipo chikaona kuti kutsogolo kuli nthaka chimakuwa kuti woyendetsa akweze ndege. Chinapangidwira ngozi ya mtundu umenewu ndendende. Ofufuza anati zikuoneka kuti tsiku limenelo chinali chitatsekedwa pakamwa.

Pa chipangizochi pali batani loletsa kukuwako. Analiikapo kuti lizigwira ntchito potera pa timabwalo timene mulibe m'mapu a kompyuta, kuti alamu isamalire pachabe. Koma taonani masamu ake. Malamulo ankalola ndege za Hageland kuuluka ndi maso pa mamita pafupifupi 150 kuchoka pansi. TAWS ya mtundu umene anali nawo inkayamba kuchenjeza ndege ikatsika kupitirira mamita pafupifupi 210. Ndiye kuti woyendetsa amene sakuphwanya lamulo lililonse, kunja kukuwala, phiri akuliona, ankamva alamu ikulira ulendo wonse. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi galimoto ya alamu yolira pakangodutsa mphaka akudziwa zimene zimachitika: usiku woyamba mumadzuka, sabata ikatha simutembenuka n'komwe. Oyendetsa ndege anazolowera kudina batani lija, kampani inkalola, ndipo panalibe malangizo omveka onena nthawi yoliyatsanso. Tsiku limene mtambo unatseka phiri, alamu inali chete ngati masiku onse.

NTSB inaitenga nkhaniyi mozama moti mu August 2017 inakachititsa msonkhano wofunsa mboni ku Anchorage komweko, m'malo mwa ku Washington kumene misonkhano yotere imachitikira nthawi zambiri. Lipoti lake la mu 2018 linati oyendetsawo anapitiriza kuuluka ndi maso kunja kukunka kutsekeka, ndipo atalowa mumtambo sanathawe msanga. Koma linatchulanso chizolowezi cha batani chija, maphunziro osakwanira a mmene oyendetsa awiri ayenera kugwirira ntchito limodzi, ndiponso FAA imene inavomereza maphunzirowo ali operewera. Mfundo ya oyendetsa awiriyi ndi yofunika. Kuika munthu wachiwiri pampando sikuthandiza ngati sanaphunzitsidwe kuti ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wouza mkulu wake kuti bwana, apa tibwerere. Zimene awiriwo anakambirana m'mphindi zomaliza palibe anazimva, chifukwa ndege zazing'ono ngati imeneyi lamulo silinkazikakamiza kukhala ndi makina ojambula mawu. Chinanso chowawa: kampaniyi inali ndi nyenyezi ya ulemu yochokera ku Medallion Foundation, bungwe lolimbikitsa chitetezo cha ndege ku Alaska, pa nkhani yomweyi yopewa kumenya mapiri.

Batani limeneli silinali la Hageland yokha. Mu June 2015 ndege ya Promech Air yonyamula alendo okaona malo inamenya phiri pafupi ndi Ketchikan, anthu 9 n'kufa, alamu ili yoletsedwa. Ndipo pa 9 August 2010, pafupi ndi Dillingham, dera lomwelo la Togiak, ndege ya mtundu wa Otter inamenya phiri n'kupha anthu 5 mwa 9. Mmodzi mwa akufawo anali Ted Stevens, amene anaimira Alaska ku nyumba ya malamulo ya Senate kwa zaka 40, yemwenso anamenyera nkhondo dongosolo la bypass mail lija. Bwalo lalikulu la ndege ku Anchorage limatchedwa dzina lake. Iyeyu anali atapulumukapo pa ngozi ina ya ndege mu 1978, imene inapha mkazi wake. M'ndege imene anaferayo, ofufuza anapezanso kuti batani loletsa alamu linali lodinidwa.

Ife a ku Malawi mawu awa a chifunga, phiri ndi kuuluka chapansi sitikuwamva koyamba. Tinawaphunzira mowawa pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya Dornier 228 itagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Nkhani imeneyo ili ndi mafunso akeake ndipo sindikuilowa pano. Ndangoitchula chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu yakufikirani kale m'mutu.

Tsono mbiri ngati ya Hageland tiiwerenge bwanji? Pa intaneti anthu amakonda kundandalika ngozi, chaka ndi chaka, n'kumaliza ndi mawu akuti kampani iyi musakwere. Ine ndimaona kuti mndandanda wokha umanama pang'ono. Kampani imene ikunyamuka ndi kutera kambirimbiri pa tsiku, pa timabwalo ta miyala topanda woyang'anira, idzakhala ndi mndandanda wautali kuposa kampani ya ndege ziwiri, ngakhale itakhala yosamala kuposa inzakeyo. Ndiponso dera lonselo ndi loopsa: NTSB inawerengera kuti kuyambira 2008 mpaka 2017 ngozi za ndege ku Alaska zinkachitika kowirikiza ka 2.35 poyerekeza ndi madera ena onse a America. Komabe sindingavomere zoti tingoti ndi Alaska, nanga n'kutani. Mawu amenewo ndi amene akhala akuphimba zinthu kwa zaka zambiri. Chifunga cha ku St. Mary's sichinalepheretse munthu wa mu ofesi kukambirana ndi woyendetsa. Mapiri a Ahklun sanadine batani. Ndege yachiwiri ija inakumana ndi nyengo yomweyo, tsiku lomwelo, ndi malamulo a kampani omwewo, n'kukafika.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi mbali ya boma. America ndi limodzi mwa mayiko oyamba kuyesera njira yamakono yolondolera ndege pogwiritsa ntchito setilaiti, yotchedwa ADS-B, ndipo linaiyesera kuderali, ku Bethel, pansi pa pulogalamu ya Capstone kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ngozi zinachepa, ndipo lero njira imeneyi ikugwira ntchito pa dziko lonse lapansi. Koma patapita zaka zoposa 15, midzi yambiri ya dera lomwelo inali idakalibe makina a zanyengo oti ndege izitha kutsika ndi zipangizo. Anthu a ku Yukon ndi Kuskokwim anathandiza kuyesera chida chimene chikuteteza apaulendo a ku New York ndi London, iwo n'kutsala akuuluka kunsi kwa mitambo. Ndipo wapaulendo wa ku Quinhagak alibe mwayi umene inu ndi ine tili nawo pa depoti, wosiya minibasi ya matayala akutha n'kudikira ina. Kalata yochenjeza kuti kampani iyi musakwere imathandiza mlendo wokaona malo. Mayi amene ali ndi tsiku la sikelo ku Bethel akwera ndege imene yabwera.

Hageland sinathe chifukwa cha ngozi. Inatha ndi Covid-19. Apaulendo atasowa, gulu lonse la Ravn linaimika ndege zake mu April 2020 n'kulengeza kuti lagwa, midzi yambiri n'kudzuka m'mawa ilibe ndege yobweretsa makalata ndi chakudya mpaka makampani ena atalowererapo. Ndege zake zinagulitsidwa, zambiri kwa makampani a ku Alaska komweko, ndipo zina zikuulukabe njira zomwe zija ndi penti ina.

Jim Tweto anali atachoka kale m'kampaniyi, koma kuuluka sanasiye. Pa 16 June 2023, ali ndi zaka 68, ananyamuka pa kabwalo ka kutchire pafupi ndi Shaktoolik ali ndi mnzake mmodzi. Ndege inalephera kukwera, ndipo onse awiri anafa. Inali Cessna 180.